Foni Yopindika ndi Manyazi a Apongozi

Padangokhala. Amene muli nane khalani pomwepo, ine ndayamba.

Panali Nkhanga, mayi wamasiye, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Namawanga. Mwanayo atakula anakwatiwa ndi Dokowe, kapitawo wa amthenga a mbalame zonse. Dokowe sanamange nyumba kwa mkazi monga amachitira akamwini ena, chifukwa ntchito yake inali kutsidya kwa nyanja yamchere. Unali ukwati wa chitengwa. Tsiku la ukwati lomwelo, anthu akali kuvina, anabereka mkazi wake kumsana n'kuuluka naye. Nkhanga anawathamangira chapansi mpaka mpweya unamuthera. Paja mapiko a nkhanga ndi odumphira mpanda basi.

Nkhoswe wa ukwatiwo anali Gologolo. Ubale wake ndi Nkhanga palibe ankaudziwa bwino. Chimene chinadziwika n'chakuti Gologolo atamva kuti nkhoswe ndiye amayamba kulawa zophika za pa ukwati, ubalewo anaufukula tsiku lomwelo.

Dzinja linabwera n'kupita, linabweranso n'kupitanso, Namawanga osaponda kwawo. Mawu ake ankamveka pa kafoni kakale ka mabatani, koma mawu sakuuza ngati mwana akudya. Kenaka maso a Nkhanga anayamba kuchita nkhungu. Ng'ala inayambira diso lamanzere, pang'onopang'ono, ngati mkaka wodonthera m'madzi, ndipo lamanja nalo linayamba kutsatira.

"Sindifuna zambiri," ankatero Nkhanga. "Ndimuone mwana wanga maso asanatseke. Basi."

Akamapeta mapira ankaimba nyimbo yake. Inali yaifupi, yofunsa mphepo ngati kumene ikuchokera inakumana ndi mwana wamawanga, ndipo pothera pake inkakoka dzina la mwanayo monga timaitanira munthu amene wachedwa kumadzi. Amayi oyandikana naye ankavomera pothera pokhapo, poti poyambira paja panali powawa kuimba.

Tsiku lina anamzeze anatera pakhomo atanyamula bango lotseka uku ndi uku.

"Atituma a Dokowe. Akuti n'za apongozi awo."

Nkhanga alibe manja, choncho anaitana Gologolo. Gologolo anatsegula bango n'kusolola kanthu kokulungidwa, kopyapyala ngati tsamba la nthochi. Anamzeze anamunong'oneza kagwiritsidwe kake n'kuuluka.

"Wanditumizira nsalu?" anafunsa Nkhanga.

"Nsalu yanji, mayi? Ndi foni iyi."

"Foni yopindika?"

"Zatsopano. Mukhoza kuikulunga, kuipinda, ngakhale kuimanga pamwendo ngati chibangili. Koma chachikulu si chimenecho. Mukaiyala pansi, amene mukuyankhula nayeyo amadzuka pamwamba pake, wathunthu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Zakale zija ankati uvale kaye magalasi. Iyi ayi. Imasaka yokha maso anu n'kukupatsani munthuyo."

Nkhanga anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti Namawanga ndimuona?"

"Mpaka nsabwe za m'nthenga."

Nkhanga anasesa pabwalo, anazira khonde, anasamba, anavala chitenje chimene ankasungira ku tchalitchi. Mbiri inathamanga ndipo mudzi wonse unasonkhana. Kutsogolo kunakhala Nungu, namkungwi wa m'mudzimo, amene analangiza Namawanga pa chinamwali. Nungu akati mwambo ukutero, palibe ankatsegula pakamwa, ndipo amene wayesa ankamva minga ikulira.

Gologolo anayala foni pamthunzi n'kuidina. Pamwamba pake panayamba kudzuka kanthu. Poyamba zala zazitali. Kenaka miyendo yofiira. Miyendo, miyendo, miyendo yokhayokha. Kenaka chifuwa choyera ndi chimlomo chachitali.

"Mayo ine, apongozi!" anakuwa Nkhanga. Anafunda chitenje kumutu n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe.

Kutsidya kuja Dokowe naye ataona kuti wayang'anizana ndi mayi a mkazi wake anatembenuka msangamsanga, ndipo chithunzi chonse chinangoti zii.

Inu mukudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina amalowa patchire.

Gologolo anaimbanso. Dokowe anadzukanso pabwalo, akuyang'ana mwamantha.

"Achimwene," anatero Gologolo, "ife tafuna mwana, osati miyendo yanu. Musiyireni mkazi wanu foniyo, inu mukapitidwe kaye mphepo."

"Sizitheka, ankhoswe. Yangayi ndi ya kuntchito, imadziwa nkhope yanga yokha. Ndikachokapo kapena kutembenuka, imagona."

"Mufundeni lichero kumutu."

"Ikapanda kuona maso anga, imagona."

"Nanga Namawanga alibe yake?"

Apo mawu a Namawanga anamveka, ndipo anatulukira pambali pa mwamuna wake. "Yanga ndi imene muli nayoyo, ankhoswe. Ndinati ipite kwa amayi."

Khamu lonse linati aaa! poona mwanayo ataima pabwalo la kwawo. Nkhanga kuseri kuja anangomva aaa yekhayo.

Gologolo anatembenukira kwa Nungu. "Anamkungwi, ichi n'chithunzi chabe. Mwini wake ali kutsidya kwa nyanja."

"Chithunzi chimaphethira?" anafunsa Nungu.

"Ichi chimaphethira."

"Chithunzi chimachita manyazi n'kuthawa?"

"Komatu..."

"Ine ndaona mkamwini ataima pabwalo pano, ndipo onsewa amuona. Nkhanga akafuna, abwere akhale chofulatira. Msana ulibe manyazi. Koma nkhope ayi."

Nkhanga anabwera chobwerera m'mbuyo n'kukhala pamphasa atafulatira foni. Mawu a mwana wake anali kumbuyo kwake kwenikweniko, pafupi moti akanatambasula phiko akanati amukhudza.

"Amayi, muli bwanji?"

"Ndili bwino, mwanawe. Anzanga, tandiuzani, akuoneka bwanji?"

"Wanenepa!" anatero Njiwa, mnansi wake.

"Wanenepa pati? Taonani khosilo," anatsutsa Nkhwali, mnansi winayo.

"Nanga ndi ziti? Wanenepa kapena waonda?"

"Ndili bwino, amayi," anatero Namawanga.

"Ndili bwino ameneyo unkanenanso pa kafoni kakale kaja."

Anthu atabalalika, Nkhanga anatenga lichero n'kuyamba nyimbo yake. Tsiku limenelo sanafunse mphepo. Anafunsa anansi ake chimene maso awo anachita kuti adye chakudya chimene chinaphikiridwa maso ake. Pothera pake anakokanso dzina lija, amayi aja n'kuvomera motsitsa.

Gologolo anaimva nyimboyo ali mumtengo, ndipo inamuyabwa. Iye sankakonda kugonja, makamaka pamaso pa Nungu.

Kutacha anafika akuthamanga. "Mayi, ndapeza! Foniyi si yopindika? Dokowe aime kumanja, mwana kumanzere. Ine ndipinda mbali ya Dokowe kuti akagwere kuseri kwa nkhokwe. Pabwalo patsala mwana yekha."

Anakafunsa Nungu. Nungu anati, "Akapita yense, palibe mlandu. Koma yense."

Mudzi unasonkhananso. Nkhanga anakhala chofulatira. Gologolo anaimba, awiriwo anadzuka, ndipo iye anagwira m'mphepete mwa foni n'kuyamba kupinda. Miyendo ya Dokowe inapendekeka n'kulowera kunkhokwe. Chifuwa chinatsatira.

"Tembenukani, mayi! Msanga, mikono ikuwawa!"

Nkhanga anatembenuka. Chimene anaona sichinali mwana wake. Kupinda kuja kunakoka chithunzi chonse. Namawanga anatalika ngati chingwe, mimba ili uko, mutu kachinthu kakang'ono m'mwamba. Chimlomo cha Dokowe chinakana kupita, chinapindikira pankhope pa mwanayo, ndipo diso limodzi la Dokowe linali pa phiko la mkazi wake, likuphethira.

"Diso ilo!" anakuwa Nungu, minga ili njo.

Nkhanga anafundanso chitenje n'kuthawa. Gologolo anamupeza kuseri kwa nkhokwe.

"Ankhoswe, musandibisire. Mwana wanga anapunduka?"

"Ayi, mayi, n'kupinda kuja."

"Ndiye mwandionetsa chiyani?"

Nkhanga anabwerera ku lichero lake. Nyimbo inamvekanso, koma inkadukaduka, ndipo dzina lija linatha msanga ngati mpweya waperewera.

Gologolo anaganiza, anakanda khutu, anaganizanso. Kenaka anapita kwa Nungu.

"Anamkungwi, mwambo umaletsa chiyani kwenikweni?"

"Maso ndi maso."

"Za madzi unatchulapo?"

"Madzi alowa bwanji?"

"Munthu akawerama n'kuona mnzake m'madzi, waona mnzakeyo kapena waona madzi?"

Nungu anatafuna funsolo nthawi yaitali. Anafunafuna m'mutu malangizo onse amene analandira kwa anamkungwi akale, za madzi osazipeza. "Yesani," anatero monyinyirika.

Anadzaza beseni n'kuliika patsogolo pa foni. Nkhanga anabwera atazolika, anagwada, maso ali m'madzi. Gologolo anaimba. Awiri aja anadzuka, khamu linatinso aaa.

"Amayi, ndili pano. Mukundiona?"

Nkhanga anayang'anitsitsa. M'madzimo munali zotuwa, zoyera ndi zofiira zitasakanikirana, zikugwedezeka. Paja foniyo imasaka maso a munthu kuti imupatse chithunzi. Maso a Nkhanga anali pansi, ndiye inalibe pokaperekera.

"Ndikuona utsi," anatero Nkhanga. "Ankhoswe, ndi foniyi kapena ndi maso anga?"

"Ndi foni, mayi. Ikufuna muiyang'ane."

Nkhanga sanakhulupirire. Ali chiweramire anatseka diso lamanja kuti ayese lamanzere. Beseni linasowa. Madzi anasowa. Panalibe ngakhale utsi uja.

"Lamanzere lapita," anatero, ngati akunena za nkhuku yosochera.

"Amayi, mwati chiyani?" anafunsa Namawanga.

"Palibe, mwanawe. Ndati madzi atayika."

Tsiku limenelo nyimbo inalibe funso. Linatsala dzina lokha, kulikoka n'kulikokanso, ndipo amayi oyandikana nawo anaimika misi yawo osavomera.

Gologolo anakulunga foni n'kulunjika kwa Nungu. Ulendo uno sanapereke moni wautali.

"Anamkungwi, manyazi amenewa alibe pothera?"

"Ali napo. Mkamwini akadya m'mbale ya apongozi ake, pamaso pa namkungwi, mbale n'kuyera, manyazi atha. Akatero akhoza kuonana, kucheza, ngakhale kukangana. Koma mbalame yanu ija inanyamuka anthu akali kuvina. Inadya liti?"

"Paja munati amene amaima pabwalo paja ndi mkamwini weniweni?"

"Ndinatero."

"Osati chithunzi?"

"Iwe, ndikalamba ndi kubwereza."

"Ndiye mawa adya."

Nungu anaseka mpaka minga inaombana. "Adye? Ali kutsidya kwa nyanja?"

"Mwayamba kunena kuti ali kutsidya? Ngati ali kutsidya, ndikawauze mayi aja atembenuke lero lomwe."

Kuseka kunatha. "Ali pabwalo," anatero Nungu. "Adye tione. Koma mbale iyere."

Gologolo anathamangira kwa Nkhanga, osadziwa kuti Nungu akumutsata pambuyo.

"Mayi, mawa mukudyetsa mkamwini. Phikani futali, nsinjiro zichuluke. Muwonjezere mtedza wokazinga pambali. Ndi zimene apongozi anu amakonda."

"Dokowe adye futali?" anatero Nungu ali pakhomo. "Kuyambira liti?"

"Kutsidya kuja anasintha kadyedwe, anamkungwi. A dokotala anamuuza kuti..."

"Mkamwini amaphikiridwa za kwawo. Achule. Pamwamba muike ziwala."

"Mwina pang'ono pokha achule, kwinako futali..."

"Achule."

Nungu atapita, Nkhanga anafunsa, "Ankhoswe, adya bwanji munthu wa m'mphepo?"

"Inu phikani," anatero Gologolo, mawu atafooka. "Koma musachulukitse."

Kenaka anakwera mumtengo n'kuimbira Dokowe. Dokowe anadzuka panthambi.

"Achimwene, mverani. Mawa mukaona mbale patsogolo panu, mutambasule mapiko mpaka pansi, muizungulire, monga amadyera mkamwini wamanyazi. Mlomo uzilowa ndi kutuluka, maso ali pa foni. Mukamva ndatsokomola, mudikire pang'ono, kenaka mupinde mapiko."

"Koma ine ndidya chiyani? Mbaleyo ili kwanuko."

"Idyani mphepo. Kumeza kokha kuoneke."

"Ankhoswe, kumeneku si kunama?"

"Kunama n'kwanga. Inu kwanu n'kumeza."

Dokowe anazengereza. Ndi mbalame yotsata malamulo, n'chifukwa chake anamupatsa ukapitawo. Koma Namawanga anasuzumira pansi pa phiko lake n'kufunsa, "Ankhoswe, lero amayi anati chiyani chapita?"

"Diso lamanzere," anatero Gologolo. "Lamanja nalo lili panjira."

Dokowe anayang'ana mkazi wake. "Ndimeza," anatero.

Nkhanga anadzuka m'mamawa kukasaka achule kudambo. Ndi diso limodzi lankhungu ambiri anamuthawa, koma sanabwerere mpaka dengu litalemera. Kanali koyamba kuphikira mwamuna wa mwana wake, ndipo anaphika ndi mtima wonse. Anatulutsa mbale yaikulu ya alendo n'kuidzaza mpaka pakamwa, ziwala pamwamba.

Gologolo ataiona anagwira pamimba. "Mayi, ndinati musachulukitse."

"Mkamwini wanga ndi wamtali, ankhoswe. Chakudya chimayenda ulendo chisanafike."

Mudzi unasonkhana kuposa masiku onse. Nungu anakhala kutsogolo kwenikweni. Nkhanga anakhala chofulatira. Gologolo anayala foni patsinde pa nkhokwe, anaimba, ndipo Dokowe ndi mkazi wake anadzuka. Gologolo anaika mbale pamapazi a Dokowe n'kuomba m'manja.

"Apongozi anu akuti takulandirani. Ine ndikatunge madzi osamba m'manja mukatha."

Dokowe anatambasula mapiko mpaka pansi, mbale inabisika. Gologolo anazungulira kuseri, anakwawa pansi pa nkhokwe, n'kulowa m'kati mwa chithunzi cha Dokowe. Chithunzicho chinali chokhuthala moti kunja sikunaoneke kanthu.

M'katimo munali iye ndi achule.

Anayamba ndi ziwala. Zimenezo zinapita bwino. Kenaka anatola chule woyamba, anatseka maso, analuma. Kunja Dokowe analowetsa mlomo, anautulutsa, anaukweza kumwamba n'kumeza mphepo mwaulemu.

"Akudya!" ananong'ona Nkhwali.

"Koma ndikumva kutafuna," anatero Njiwa. "Dokowe ali ndi mano?"

"Kutsidya amaika," anayankha Nkhwali.

Nkhanga sanathe kupirira. "Namawanga, tawafunsa. Mchere wakwana?"

"Akuti wakwana, amayi."

"Sanalimbe?"

"Akuti ndi ofewa bwino."

"Auze asachite manyazi, mumphika atsalamo ena."

M'kati mwa mapiko munamveka kubuula.

"Akuti zikomo, amenewa akwana," anatero Namawanga msangamsanga.

Gologolo anadya. Anadya chule wonenepa, anadya wowonda, anadya wina amene ankaoneka ngati akumuyang'ana. Thukuta linatsika. Mimba inayamba kukana, nseru inakwera mpaka pakhosi. Ndipo gologolo akavutika, mchira sufunsa mwini wake. Unafufuma, unaima, n'kutulukira pakati pa phiko la Dokowe, waubweya, ukunjenjemera padzuwa.

Mudzi wonse unauona. Njiwa anatsegula mlomo.

Nungu anaimika minga, ndipo mlomo wa Njiwa unatsekeka wokha.

Nungu anayang'ana mchirawo nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana msana wa Nkhanga. Khosi la mayiyo linali kugwedezeka, likufuna kutembenuka, mwini wake akulibweza. Chitenje cha ku tchalitchi chija chinali ndi matope a kudambo m'mphepete.

"Kutsidya kumazizira," anatero Nungu mokweza. "Akamwini mpaka amera ubweya. Malizani mbaleyo, bambo, tikudikira."

Mchira unabwerera m'kati pang'onopang'ono.

Patapita nthawi kunamveka kutsokomola kofooka. Dokowe anadikira pang'ono n'kupinda mapiko. Mbale inaonekera. Nungu anasendera pafupi, anainunkhiza, anaipendeketsa. Pansi pake panali patamatirira mwendo umodzi wa chule.

"Mbale sinayere," anatero.

Nkhanga anagwira mphasa ndi zala zake.

"Koma mwambo umati chotsala cha mkamwini ndi cha nkhoswe. Ali kuti ankhoswe?"

Gologolo anatulukira kuseri kwa nkhokwe akudzandira, atanyamula chikho chopanda madzi.

"Mwachedwa kumadzi," anatero Nungu. "Mwina njala yakupwetekani. Nali gawo lanu."

"Anamkungwi, mwambo umenewo ine sindinaumvepo."

"Mwaumva lero. Idyani."

Gologolo anayang'ana mwendowo, anayang'ana kumwamba, anauponya m'kamwa n'kumeza osatafuna. Nungu anakweza mbale kuti onse aone.

"Mkamwini wadya. Manyazi atha. Nkhanga, tembenuka uone mwana wako."

Nkhanga sanatembenuke msanga. Anakonza kaye chitenje, anapukuta kumaso. Kenaka anazungulira pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa kuti diso lamanja litsogole. Foni inalisaka disolo, inalipeza, ndipo nkhungu ija inali isanakhuthale moti n'kubisa chimene chinaima patsogolo pake.

Namawanga anali pomwepo. Mawanga ake onse, fumbi la dziko lachilendo kumapazi, kachipsera kaja ka pamwendo kamene anapsa ali mwana.

"Amayi..."

"Takhala chete kaye ndikuone."

Anamuzungulira. Anamuona kutsogolo, anamuona kumbuyo, anawerama kuona mapazi, anabwereranso kunkhope.

"Sunanenepe," anatero. "Sunaonde. Wangokula."

Namawanga anaseka, misozi ili m'maso. Posekapo anapotoza khosi, ndipo Nkhanga anaona kanthenga kamodzi pansi pa khutu kataima mopingasa, pamalo pamene mbalame siifikira yokha. Osaganiza, anatambasula khosi kuti akagoneke. Mlomo wake unapyola. Anayesanso, pafupi kwambiri, ndipo unapyolanso mpaka anatsala pang'ono kugwera pa foni. Anabwerera m'mbuyo n'kuima. Kanthenga kaja kanali chiimire.



Kenaka Nkhanga anakweza mutu. Anaukweza kudutsa miyendo yofiira ija, kudutsa chifuwa, mpaka diso lake linakumana ndi maso a Dokowe.

"Apongozi."

"Wawa, amayi," anayankha Dokowe.

"Nthenga iyo, pansi pa khutu. Tamukonzerani."

Dokowe anatsitsa chimlomo chake n'kujompha pakhosi pa mkazi wake.

"Osati choncho, mumupweteka! Si chule ameneyo. Yambirani kumwamba, muzitsika nayo. Pang'onopang'ono. Ndi nsonga yokha."

Dokowe anayambira kumwamba n'kutsika nayo, pang'onopang'ono, ndi nsonga yokha. Mlomo wa Nkhanga unkatsika nawo m'mphepo, kufupi ndi khosi la mwana wake. Namawanga anatseka maso. Kanthenga kanagona.

"Eya, apo," anatero Nkhanga. "Bwerezaninso."

"Yagona kale, amayi."

"Ndaona kuti yagona. Bwerezaninso."

Nthano yanga yafika pamene imafikira. Zotsalazo akudziwa ndi amene ali ndi mwana kutali.